Liwu la Chingerezi 'Unlock': Chiyambi Chake, Matanthauzo Ake, ndi Kuperewera kwa Mndandanda wa pa Bolodi

Pali chizolowezi china m'masukulu a pulayimale chimene chakhala nthawi yaitali, kotero kuti anthu analeka kufunsa ngati chili chabwino kapena ayi. Mphunzitsi alemba mzere pakati pa bolodi, kuchokera pamwamba kufikira pansi. Kumanzere aika mawu a Chingerezi, kumanja aika mawu a Chichewa, liwu limodzi kupenyana ndi linzake limodzi. Ndipo ana akopera m'makope mwawo, naloweza, nawatchula pamodzi mofuula kufikira belu lilira. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, pakuti ifulumira, ndipo sifuna mabuku, amene m'masukulu ambiri a kumidzi ali owerengeka. Koma ili ndi chilema chachikulu: iphunzitsa mwana kuti zinenero ziwiri zili ngati mizere iwiri ya chimanga, phando lililonse kuyang'anana ndi phando linzake. Zinenero sizili chomwecho ayi.

Chilemachi chioneka bwino pa liwu limodzi la tsiku ndi tsiku, ndilo 'unlock'. Pa mndandanda wa pa bolodi, 'open' ndiko kutsekula, ndipo 'unlock' ndikonso kutsekula. Mwana wa ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri la Mulanje, amene pabwalo alankhula Chichewa, kwa agogo ake amva Chilomwe, ndipo kwa amalonda ochokera kutsidya kwa malire amva Chipwitikizi, ali ndi khutu lozolowera kuyerekeza zinenero. Poona mawu awiri a Chingerezi atapatsidwa tanthauzo limodzi, adzaganiza chimodzi mwa ziwiri: kapena kuti Angerezi angochulukitsa mawu mwachabe, kapena kuti Chichewa n'chosauka. Maganizo onse awiriwa ali olakwa. Ndipo tsiku la mayeso a Sitandade 8, amene bungwe la MANEB liwalemba m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa lokha, mwanayo akakumana ndi chiganizo chonena kuti 'She unlocked the door but did not open it', adzachiyesa chopanda nzeru, monga ngati munthu anatsekula chitseko koma osachitsekula.

1. Kumene liwuli linachokera

Chingerezi chinayamba ndi mitundu ya Angles ndi Saxons, imene inaoloka nyanja kulowa m'chisumbu cha Britain pakati pa zaka za 400 ndi 500. Chinenero chawo, chimene chinalankhulidwa kufikira cha m'ma 1100, ndicho chimene Mfumu Alfred, amene anamwalira m'chaka cha 899, anachidziwa. M'chinenero chimenecho munali mneni 'lucan', kunena kutseka kapena kugwirizitsa zinthu pamodzi; munalinso dzina 'loc', kunena chopingira pakhomo, kapena malo otchingidwa monga khola la nkhosa. Poika kachigawo 'un-' patsogolo pa mneniyo panabadwa 'unlucan', kunena kutsekula. M'kupita kwa zaka mneni wakale uja anatha, ndipo anthu anapanga mneni watsopano 'lock' kuchokera ku dzina lija. Motero 'unlucan' anasanduka 'unlock'.

Abale a liwuli akalipo m'zinenero zina za kumpoto kwa Ulaya. M'Chijeremani 'Loch' ndilo dzenje kapena chiboo. M'Chidatchi 'luik' ndicho chotsekera pa zenera kapena pa chiboo cha m'ngalawa. Ku Iceland 'loka' ndiko kutseka, ndipo 'lok' ndicho chivundikiro. Mwa mawu onsewa mulibe ndi limodzi lomwe lonena za kachitsulo kokhala ndi mano. Onse anena za kutseka ndi kutchinga basi. Tsono 'lock' wa Mngerezi anayambira pomwe panayambira mpiringidzo wa Mchewa, pa mtengo wopingasa pakhomo ndi pa khola la ziweto.

Makina a loko ali ndi mbiri yawoyawo. Aiguputo akale anali ndi maloko a mtengo, ndipo Aroma anasula a chitsulo. Koma maloko olimba amene afala masiku ano anakonzedwa posachedwapa. Robert Barron anapanga wake m'chaka cha 1778, Joseph Bramah mu 1784, Jeremiah Chubb mu 1818, ndipo Linus Yale wamng'ono, wa ku America, anakonza m'zaka za 1860 loko wa kiyi waphanthiphanthi amene ali pa zitseko zambiri kufikira lero. Liwu linalipo kale makinawa asanabwere. Makina ndiwo anafika nakhala m'liwumo.

Apa mphunzitsi achenjere ndi msampha wa mawu ofanana kamvekedwe. 'Lucan' amveka ngati kuluka, ndipo matanthauzo ake sali otalikirana kwambiri; koma palibe ubale pakati pawo, kufananako n'kwa mwangozi. Ngakhale m'Chingerezi momwe, 'lock' wonena za tsitsi lopotana ali liwu lina. Ndipo 'wedlock', kunena ukwati, sanachokere ku loko ayi, ngakhale anthu anthabwala akonda kutero. Ubale wa mawu sudziwika ndi khutu lokha, koma ndi umboni wa zolembedwa zakale ndi malamulo a kasinthidwe ka mawu.

2. Ma 'un-' awiri

Mabuku ambiri a sukulu angonena kuti 'un-' atanthauza kukana. Apa pali theka la choonadi. Chingerezi chili ndi ma 'un-' awiri, ofanana nkhope koma osiyana makolo. Woyamba akhala pa afotokozi, monga 'unkind' ndi 'unripe', ndipo atanthauzadi kukana. Abale ake ndiwo 'in-' wa Chilatini ndi 'a-' wa Chigiriki. Wachiwiri akhala pa aneni, monga 'untie', 'undress' ndi 'unlock', ndipo sakana kanthu, koma abweza ntchito imene inachitika kale. Iyeyu anachokera ku liwu lakale lonena kutsutsana, lomwe labisalanso kumayambiriro kwa 'answer'. Ajeremani asiyanitsabe awiriwa, pakuti woyamba amutchula 'un-', wachiwiri 'ent-'. Angerezi anawasakaniza.

Kusakanizaku kuli ndi zotsatira zake. 'An unlocked door' chikhoza kukhala chitseko chimene sichinakiyidwe konse, kapena chimene chinakiyidwa ndipo wina wabwera nacho kiyi. Mngerezi asiyanitsa ziwirizi pongoona nkhani yonse. Mchewa savutika chomwecho, pakuti ali ndi zida ziwiri zosiyana: pokana agwiritsa -sa-, nati chosatsekedwa, pobweza ntchito agwiritsa -ul-, nati chotsekulidwa. Munthu amene anena kuti Chichewa n'chosauka ayambe wayankha mfundo imeneyi.

3. Mmene Chichewa chibwezera ntchito

Chimene Mngerezi achita kumayambiriro kwa mneni, Mchewa achichita kumapeto. Kutseka kubwezedwa ndi kutsekula, kumene ambiri atchula kutsegula; kumata ndi kumatula; kuyala ndi kuyalula; kufumbata ndi kufumbatula; kufunya ndi kufunyulula. Pali aneni ena amene tsinde lawo lisintha pang'ono, monga kuvala ndi kuvula, kuyanika ndi kuyanula, kuvundikira ndi kuvundukula. Mwana wa zaka zisanu adziwa zonsezi asanaponde pa sukulu, ngakhale sadziwa kuti azidziwa.

Kachigawo -ul- kali ndi khalidwe loyenera kulipenyetsetsa. Misintho ina ya mneni itsata lembo la liwu la m'tsinde: anthu ati kumangira koma kutsekera, kumangitsa koma kutseketsa, kumangidwa koma kutsekedwa. Koma -ul- sagonjera 'e'; anthu ati kutsekula ndithu. Agonjera 'o' yekha, monga mu kuwonjola, kuthyola ndi kusolola. Ndiponso -ul- ali ndi mnzake -uk-, wonena chinthu chochitika popanda kutchula wochichita: kutsekula ndi kutsekuka, kumasula ndi kumasuka, kugumula ndi kugumuka, kukokolola ndi kukokoloka.

Msintho umenewu suli wa Chichewa chokha, koma wa banja lonse la zinenero za Bantu. Mswahili ati 'funga' ndi 'fungua'. Myao ati 'ugala' ndi 'ugula'. Mtumbuka ati 'jala' ndi 'jula'. Mzulu ati 'vala' ndi 'vula'. Ndipo m'Chimakhuwa, chimene chili mbale weniweni wa Chilomwe, 'otthuka' ndiko kumanga, 'otthukula' ndiko kumasula kapena kutsekula. Apwitikizi a kutsidya achita monga Angerezi, pakuti 'tranca' ndiwo mpiringidzo, 'trancar' ndiko kupiringidza, ndipo 'destrancar' ndiko kuchotsa mpiringidzowo.

Komabe lamuloli lili ndi malire ake. Si mneni aliyense wothera ndi -ula amene abweza ntchito: kugula, kukula ndi kulankhula sizibweza kanthu. Chimodzimodzinso 'under', 'until' ndi 'uncle' alibe 'un-' wa mtundu uliwonse mwa iwiri ija. Mphunzitsi amene apereka lamulo osatchula malire ake akumbira ana mbuna.

4. Mpiringidzo ndi loko

Tsono chifukwa ninji Chichewa chinakhutira ndi mneni mmodzi pamene Chingerezi cha lero chili ndi awiri? Yankho lili pa khomo la nyumba, osati m'buku la galamala. Nyumba ya makolo inali ndi chitseko cha bango kapena cha nsungwi. Pochoka, mwini wake anapingasa mpiringidzo pa mphuthu, naumangirira ku chitseko ndi chingwe. Mpiringidzo unalibe chinsinsi. Aliyense wokhala ndi manja akanatha kuuchotsa. Chimene chinasunga nyumba ndicho mwambo, maso a anansi, ndi kwa ena kuopa kuti nyumbayo n'njotsirika. Kuchotsa mpiringidzo ndi kukankha chitseko inali ntchito imodzi, ndipo liwu limodzi linakwanira. Ngakhale dzina lakuti chitseko linachokera ku mneni yemweyo.

Loko anadula ntchitoyo pawiri: poyamba kupotoza kiyi, kenako kukankha chitseko. Anagawanso anthu pawiri, wokhala ndi kiyi ndi wopanda kiyi. Apa ndipo pagona tanthauzo lenileni la 'unlock'. Liwuli silinena kuti chitseko chayasama. Linena kuti choletsa chachotsedwa ndi munthu amene ali nacho chochotsera. Mphepo ikhoza kutsekula chitseko, koma Mngerezi sanganene kuti mphepo yachita 'unlock'.

Maloko anafala m'dziko muno pamodzi ndi masitolo, monga a kampani ya African Lakes imene anthu anaitcha Mandala, yoyamba m'chaka cha 1878. Pamodzi ndi minda ya tiyi ya ku Mulanje, imene inayamba m'zaka za 1890, kumene Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anagwira ntchito pansi pa thangata. Ndiponso pamodzi ndi mabokosi a amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg. Zinthuzo zinabwera ndi maina ake, loko ndi kiyi. Liwu lina, mfungulo, lili ndi mapangidwe a Chibantu enieni, mbale wake wa 'ufunguo' wa Chiswahili. Ndilo limene omasulira Buku Lopatulika la 1922 anasankha pa Mateyu 16:19. Lero limveka kwambiri m'tchalitchi kuposa pa msika.

Alipo anthu amene aipidwa ndi mawu onga loko ndi kiyi, nati awononga chinenero. Anthu omwewo avala nsapato, alemba kalata, namvera kapitawo, osadziwa kuti mawu atatuwa anachokera ku Chipwitikizi. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chofunika kuyang'ana ndi ichi, kuti mlendoyo wamvera malamulo a pamudzi kodi? Kiyi anawamvera: anabala mneni kukiya, ndipo kukiya kunabala kukiyira, kukiyitsa ndi kukiyidwa. Mwana atati anene kuti kukiyula, palibe Mchewa amene angalephere kumumva, pakuti -ul- akali wamoyo. Liwu lotere lasanduka mbadwa.

5. Matanthauzo ake, ndi mawu a Chichewa oyenerana nawo

Tanthauzo loyamba ndilo lija la loko ndi kiyi. Pomasulira, liwu limodzi silikwanira. Anthu ati kutsekula loko, kapena kutsekula ndi kiyi, ndipo palibe manyazi pa kugwiritsa mawu awiri kapena atatu.

Tanthauzo lachiwiri ndilo kulekanitsa zinthu zimene zinagwirana zolimba, monga nsagwada zoumirira, kapena manja a anthu awiri olimbana. Apa Chichewa chiti kumasula, kufumbatula, kapena kulekanitsa.

Tanthauzo lachitatu ndilo la zinthu zobisika. Mngerezi ayerekeza chinsinsi ndi katundu wa m'bokosi, motero achita 'unlock' chinsinsi. Mchewa aulula chinsinsi, avumbula chobisika, namasulira mwambi. Onani kuti aneni onse atatuwa ali ndi -ul- yemwe uja. Maganizo a mitundu iwiriyi ayenda njira imodzi, ngakhale fanizo lisiyana.

Tanthauzo lachinayi lifala m'zolankhula za boma ndi za mabungwe, pamene anena za 'unlock' chuma cha dziko kapena luso la achinyamata. Womasulira waulesi ati kutsekula luso, ndipo omvera a kumudzi angoyang'anana. Luso alikulitsa, alitukula, kapena alipatsa mpata. Chitsanzo cha kumasulira kwabwino chinaoneka m'chaka cha 2020, pamene boma linalengeza 'lockdown' ya masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19, imene Khoti Lalikulu linaiimitsa isanayambe. Ofalitsa nkhani sanavutike ndi loko. Anatenga liwu lakale m'bindikiro, ndipo aliyense anamva.

Tanthauzo lachisanu ndilo la foni, limene ana a lero ayamba kulidziwa asanadziwe enawo. Nambala yachinsinsi ndiyo kiyi, ngakhale palibe chitsulo. Ndipo ndalama za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba sizituluka popanda iyo. Fanizo la loko lakhala ndi moyo ngakhale pamene loko weniweni palibe.

Kutsekula nakonso kuli ndi madera ake amene 'unlock' safikako. Anthu atsekula msonkhano, atsekula wailesi, atsekula mpopi, ndipo wodwala atsekula m'mimba. M'Chingerezi zonsezi zifuna aneni osiyanasiyana. N'chifukwa chake mwana woleredwa ndi mndandanda alemba 'open the radio', nalandira cholakwa chimene sichili chake. Anthu a ku Nkhulambe adziwanso kutseka kwa mtundu wina. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe Freddy atagwa, mapiri anagumuka, milatho inakokoloka, chipatala cha pamalopo chinawonongeka, ndipo njira zinatsekeka kwa masiku ambiri, monga zinachitikira ku Phalombe ndi madzi a Napolo m'chaka cha 1991. Njirazo sizinatsekedwe, zinatsekeka; panalibe munthu wosunga kiyi. Pamenepa Chingerezi chiti 'blocked', osati 'locked', ndipo pokonzedwa njirayo chiti 'reopened', osati 'unlocked'. Mwana amene anaona zimenezi ndi maso sadzavutika kumva kusiyanako, mphunzitsi akakufotokoza mwaulemu ndi mosamala.

6. Mabuku otanthauzira mawu

Wina adzati mankhwala a chilemachi ndiwo kutaya bolodi ndi kugula buku lotanthauzira mawu. Mabukuwo athandizadi, koma lililonse lili ndi polekezera. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza buku lake lalikulu la Chimang'anja ku Edinburgh m'chaka cha 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso mu 1929. Ulemerero wa bukuli ndi wakuti silikhutira ndi liwu limodzi kupenyana ndi linzake. Lipereka ziganizo, miyambi ndi miyambo imene liwulo likhalamo. Koma linalembedwera owerenga Chingerezi, kalembedwe kake n'kakale, ndipo silingadziwe za foni. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wotuluka m'chaka cha 2000 kuchokera ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, afotokoza Chichewa m'Chichewa chomwe, chinthu chofunika ndithu. Koma mwa chikhalidwe chake sanena za mawu a Chingerezi. Mabuku a zinenero ziwiri, monga la Steven Paas, afulumiza ntchito. Koma wowagwiritsa ntchito mothamanga angotola liwu loyamba, nabwerera ku mzere uja wa pa bolodi. Buku lalikulu la Oxford, limene linayamba kutuluka mu 1884 ndi kutha mu 1928, lionetsa njira yabwino koposa, ndiyo kutsata liwu m'ziganizo zenizeni kuyambira kale kufikira lero. Koma silipezeka m'sukulu ya kumudzi.

Motero buku silingalowe m'malo mwa mphunzitsi woganiza. Ndipo ngakhale mbiri ya liwu ikondweretsa, siilamula tanthauzo la lero. Mwana sadzakhoza mayeso chifukwa chodziwa 'lucan'. Mbiriyo ithandiza mphunzitsi yekha, kuti aime pamaso pa kalasi wopanda mantha ndi wosapeputsa chinenero cha ana.

7. Zoyenera kuchita m'kalasi

Wophunzira uphunzitsi amene adzatumizidwa ku Nkhulambe, kapena kwina kulikonse, safunika zida zodula. Abwereke loko ndi kiyi, napeze bokosi. Aonetse bokosi lokiya. Apotoze kiyi, koma asanyamule chivundikiro, nafunse ana ngati bokosilo latsekuka. Adzakangana, ndipo mkanganowo ndiwo phunziro. Pamenepo apereke 'unlock' pa kupotoza kiyi, ndi 'open' pa kunyamula chivundikiro, mwana aliyense achite ndi manja ake akutchula liwulo.

Atatero, afunse ana aneni a Chichewa oyenda awiriawiri, monga kuvala ndi kuvula, ndipo iwo adzadzaza bolodi mwa iwo okha. Kenako awaonetse kuti 'dress' ndi 'undress', 'tie' ndi 'untie', 'cover' ndi 'uncover' ziyenda mwa lamulo lomwelo. Awatumenso kwa agogo awo kukafunsa mawu a Chilomwe onena za chitseko, kutseka ndi kutsekula. Ambiri a iwo anamva za Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene linatsekulidwa pa Chonde m'chaka cha 2008, koma si onse adziwa kuti 'mulhako' ndilo khomo. Chinenero cha agogo chikatchulidwa mwaulemu m'kalasi, mwana aphunzira kuti zimene abwera nazo kuchokera kwawo zili ndi mtengo.

Mndandanda wa pa bolodi usathetsedwe, koma utsike pa mpando. Ubwere pa mapeto a phunziro, ana ataona, atagwira ndi kukangana. Ndipo pamene liwu limodzi silikwanira, mphunzitsi alembe chiganizo chathunthu. Ntchito yotere ifuna nthawi yoposa ya kuloweza, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka siili yapafupi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mwana amene wamvetsa bwino mneni mmodzi ameneyu adzazindikira yekha aneni ena makumimakumi a mtundu womwewo, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, popanda wina womulembera pa bolodi.